Ngongole ya maiki

Msungichuma: Mwaswera bwanji amayi nonse. Ndisazungulire. K200,000 imene anatenga anzathu mu Ogasiti ija, ndi chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi kwa miyezi itatu, yafika K320,000. Abweza K60,000 yokha. Disembala ndi uyu, tigawana chiyani?

Mwini ngongole: Sindikukana ayi achemwali. Ndibweza.

Mlembi: Koma m'kaundula munalembetsa kuti ndi mpamba wa tomato. Pano tikumva kuti munagulira mwana wanu maiki ndi masipika. Benchi ya tomato ili kuti?

Mwini ngongole: Ndinalakwa pamenepo. Mwanayo anangokhala chilembereni Fomu 4, ndinaona kuti bola akhale pakhomo kusiyana n'kumayendayenda ku Chinseu. Laputopu anali nayo kale. Chipinda chosungiramo makala chija anachikhoma makatoni a mazira, matiresi akale anaimika pachitseko kuti phokoso lisamatuluke. Nyimbo imodzi amajambula K10,000.

Woyandikana nawo: Lisamatuluke? Ine mzere umodzi womwewo ndimaumva kakhumi usiku, ndinachita kuuloweza. Anyamata amadzaza khonde kuyambira masana, chipisi mbale imodzi anthu asanu ndi atatu. Makasitomala alipo, ndiye ndalama ikupita kuti?

Mwini ngongole: Ndi mawu okhaokha mlamu. Wina akuti adzalipira nyimbo ikadzaphulika pa TikTok, wina akuti akalembetsa ku COSOMA, bungwe lija lotolera ndalama za oimba, ndiye wailesi zikamaiimba azidzagawana. Magetsi akazima, tsiku lapita.

Msungichuma: Banki mkhonde sidya mawu. Chikole munalemba firiji, tikatenge firiji.

Mwini ngongole: Poti mwafika pa firiji, ndinene. Mwana wanu achemwali wajambula nyimbo zisanu ndi imodzi kwathu, biti anamupangiranso. Sanaperekepo ngakhale K500. Nsima amadyanso pompo.

Msungichuma: Wanga? Amandiuza kuti akupita ku kwaya!

Woyandikana nawo: Kwaya yake yovala chipewa chammbuyo? Mzere ndinaloweza uja ndi wake.

Wapampando: Basi amayi. Ngongole ya ana ndi ya ana, ya gulu ndi ya gulu, tisasakanize. Firiji isatengedwe kaye. Kunama cholinga cha ngongole kuli ndi chindapusa chake, K5,000, ipite kuthumba la zadzidzidzi. Loweruka mwanayo abwere ndi kope la onse amene ali naye ngongole, amayi awo ambiri ali muno.

Mlembi: Ndalemba. A Msungichuma, K60,000 ya mwana wanuyo mutumiza pa Mpamba kapena mubwera nayo pamanja?

Msungichuma: Dikirani abwere kaye ku kwayako.