Mwana akuti 3 × 1/4 ndi 3/12, ndimuthandize bwanji?

Aphunzitsi ndi makolo anzanga, ndigawireniko nzeru pa masamu a mafulakishoni. Mwana wanga akapatsidwa 3 × 1/4 akumachulukitsa nambala ya pamwamba ndi ya pansi yomwe, n'kulemba 3/12. Chodabwitsa n'chakuti tikapinda pepala magawo anayi ofanana, iye n'kudetsa atatu ndi pensulo, amanena yekha kuti ndi 3/4. Ngakhale 1/4 + 1/4 + 1/4 amapeza bwinobwino. Koma akangoona chizindikiro chochulukitsira, zonse zija zimauluka.

Ndinamuonetsa kuti 3/12 ndi chimodzimodzi ndi 1/4, ndiye kuti wachulukitsa katatu koma chinthucho sichinakule. Anavomera ndi mutu, koma ndikukayika ngati zinamulowa.

Pomwe pavuta kwambiri ndi pa 5 × 1/4. Akuti 5/4 siingatheke chifukwa pepala lili ndi magawo anayi okha, nanga lachisanulo lichokera kuti? Kunena zoona funso lakelo ndi lanzeru, ndipo sindikufuna kuti angoloweza lamulo lakuti "ya pansi usaikhudze" asakudziwa chifukwa chake.

Inu mumayambira pati? Nditenge pepala lachiwiri, kapena ndijambule mzere wa manambala kuti azidumpha 1/4, 2/4, 3/4, 4/4, 5/4 monga mmene amawerengera 5, 10, 15? Nanga zoti 5/4 ndi 1 ndi 1/4 ndimuuziretu pompano, kapena ayambe wazolowera kaye kuti nambala ya pansi imangonena kukula kwa gawo, pomwe ya pamwamba imawerenga magawowo?