Galu akubwera kosaka nkhope ili mabala okhaokha, nditani?

Mlenje wa ku Mitundu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Galu wanga Dziwazako ndimasaka naye ntchenzi kudambo komwe kuli dimba langa, poti zikunditherako nzimbe. Ndi galu wolowa, sazemba bango kapena lunguzi. Koma chiyambire June uno akumabwera atakalikakalika pamphuno, pamwamba pa maso ndi m'makutu. Tsopano diso lakumanzere akungotsinzina, likutuluka manthongo. Wina wandiuza kuti ndimusokere chophimba kumaso cha nsalu ya jini. Alipo anayesapo?

Gogo Chatha:
Mphwanga, za nsaluzo iwalani. Galu satuluka thukuta ngati inu, amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu, lilime lili panja. Mukamumanga kukamwa ndi nsalu n'kumuthamangitsa padzuwa, mudzabwera naye pamapewa. Chinanso, nsalu imakodwa mu lunguzi, minga yake ija ndi yopindika, ikagwira sitaya. Ine ndimasungunula phula la njuchi n'kusakaniza ndi mafuta ophikira pang'ono kuti lifewe. Ndimapaka pamsana pa mphuno, m'masaya ndi kunsonga kwa makutu tisananyamuke. Munga umaterereka m'malo mong'amba khungu. Phula likasowa, Vaseline amathandizanso, kungoti amakoka fumbi ndipo sachedwa kuchoka.

Wa ku Joni:
Kuno ndimagwira ntchito pafamu ku Limpopo, abwana agalu awo amawaveka magalasi a Rex Specs ochokera ku America. Maso amatetezekadi. Koma mtengo wake mutha kugula mbuzi, komanso galu amafunika kumuzoloweza milungu ingapo, apo ayi amangowapalasa ndi mwendo. M'bango lothinana ngati lakwathulo ndikukayika ngati angakhalitse kumaso.

Gogo Chatha:
Magalasi pa galu wa kudambo! A ku Joni inu, mwaiwala kwanu.

Mlangizi wa ziweto:
Phula la a Gogo ndikugwirizana nalo, bola lisafike m'maso kapena m'mabowo a mphuno, galu amasakira pomwepo. Koma a ku Mitundu, ine mabala a pakhungu sakundidetsa nkhawa. Chandiimitsa mutu ndi diso limodzilo. Fumbi kapena phulusa nthawi zambiri zimavuta maso onse awiri. Likakhala limodzi, nyengo ino ya udzu wouma, ganizirani nsanu. Galu ali ndi chikope chachitatu, kachikopa kamene kamatuluka pakona ya diso mbali ya kumphuno. Nsanu imakonda kubisala kuseri kwake, ndipo chifukwa cha timinga take toloza kumbuyo siituluka yokha. Galu akaphethira, iyo imakhala ikupala galasi la diso. Tsono mwina ena mwa mabala a pamwamba pa disowo si a tchire ayi, akudzikanda yekha ndi zikhadabo. Taonani ngati ubweya wa mwendo wakutsogolo, mbali ya mkati, uli wonyowa kapena womatana ndi manthongo.

Mlenje wa ku Mitundu:
Bwana, mwalasa. Mwendo wakumanzere ndi womatana ndithu. Ndichotse ndekha?

Mlangizi wa ziweto:
Yambani ndi kutsuka. Wiritsani madzi theka la lita, thiranimo mchere supuni yaing'ono imodzi, azizire. Wina agwire mutu, inu muthire ndi sirinji yopanda singano, mowolowa manja. Ikaonekera poyera mutha kuikoka ndi kansalu koyera konyowa. Ikakhala kuseri kwa kachikopa kaja musatokose ndi kamtengo kapena pini, galu akangogwedeza mutu mwaboola diso. Pitani naye kwa mlangizi wa ziweto wa ku ofesi ya zaulimi ya kwanu (EPA), kapena poti muli pafupi ndi tauni, ku LSPCA, bungwe losamalira zinyama lomwe lili ndi chipatala cha ziweto ku Lilongwe. Madokotala amadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, komanso amaika utoto woonetsa ngati galasi lakalika. Pitani mawa, diso silidikira malipiro.

Ndipo chonde musagule mankhwala a maso mwachisawawa. Aja okhala ndi dexamethasone kapena hydrocortisone amakulitsa chilonda cha pagalasi mpaka diso kuphulika. Tetracycline wa maso yekha alibe vuto limeneli.

Mayi wa agalu asanu:
Ndiwonjezereko za mabala a pakhungu. Madzi amchere omwewo, kenako jivi pang'ono, kutali ndi diso. Oyilo wakutha wa galimoto amene ena amapaka uja ndi poizoni, galu amanyambita. Brufen musam'patsenso, amawononga m'mimba ndi impso. Nsonga za makutu zikang'ambika ntchentche sizichoka, chilonda chimatha miyezi, ndiye pamenepo Vaseline wokhuthala tsiku ndi tsiku. Ndevu zake musamete, ndi zimene zimamuchenjeza kuti atsinzine kanthu kasanafike m'diso.

Gogo Chatha:
Komanso nthawi, mphwanga. Lawirirani mame asanakamuke, udzu ukadali wofewa, fungo la nyama limagwiranso bwino. Masana bango louma limacheka ngati lumo. Kumene kuli chitedze musam'lowetseko n'komwe miyezi ino, akadzikanda yekha mpaka magazi. Akadzatentha dambo mu August dikirani kaye, zisonga za bango lopsa zimabaya kuchokera pansi pomwe galu waweramira kununkhiza.

Mlangizi wa ziweto:
Funso lomaliza: katemera wa chiwewe analandira liti? Bala la pankhope mumaliyesa la munga pomwe analimbana ndi nkhandwe muli kutali.

Mlenje wa ku Mitundu:
Analandira chaka chatha, ndam'bayitsanso lero kwa dokotala komweko. Nsanu yapezeka kuseri kwa kachikopako, yaitali ngati chikhadabo, yakuda. Galasi lakalika pang'ono, andipatsa mafuta a maso opaka katatu patsiku, ati asalowe tchire mpaka akamuonenso sabata yamawa. Pakhosi ndamuveka chidebe chapulasitiki chodula pansi kuti asafikire diso ndi mwendo. A Gogo, phula lija mumathira mafuta ochuluka bwanji?

Gogo Chatha:
Phula gawo limodzi, mafuta magawo atatu. Likazizira lizitapika ndi chala. Mukaona likuyenderera padzuwa, onjezerani phula.