Ndithandizeni maganizo, zimene ndinakonza chaka chino zonse zaima

Membala wobisa dzina:
A admin chonde ndibiseni dzina, pagulu pano pali azilamu anga.

Abale anga, ndabwera ndi mtima wolemera. Mu Januwale ndinagula kope latsopano n'kulembamo zinthu zitatu zoti ndikwaniritse chaka chino: kutulutsa buku langa, kukweza geni yanga ya nkhuku kuchoka pa 50 kufika pa 200, ndi kugula kapuloti kunja kwa tauni. Lero tili mu Ogasiti, palibe ngakhale chimodzi chimene chasuntha. Usiku tulo sindikupeza.

Mu Malichi mlamu wanga, mng'ono wawo wa bambo a kunyumba, anabwereka K350,000 ya m'nkhuku, akuti alipire fizi ya mwana, adzabweza akagulitsa soya. Soya anagulitsa, ndinamuona ndi maso angawa ali ndi foni yatsopano. Nditafunsa, apongozi anati ndikufuna kugawanitsa ana awo. Bambo a kunyumba sakuyankhulapo kanthu, iwo amangoti za mabuku n'za anthu okhuta. Laputopu yanga mwana anaithira phala, wokonza anaitenga mu Meyi, mpaka lero akungoti mubwere mawa. Ndiye pali mnzanga wa kukwaya amene ndinamuphunzitsa ndekha kuweta nkhuku, mpaka kumusonyeza kogula anapiye. Pano ndi amene akundilanda makasitomala, amatsitsa K500 pa nkhuku iliyonse, koma Lamulungu timakhala benchi imodzi.

Ndimagwira ntchito mu ofesi ina ku Lilongwe kuno, ndi maminibasiwa ndimafika kunyumba mdima utagwa, kuphika, kuona homuweki ya ana, thupi latha. Ndili ndi zaka 38 ndipo ndinalonjeza malemu mayi anga kuti ndisanakwane 40 dzina langa lidzakhala pachikuto cha buku. Ndiyambire pati? Ndisiye chiti? Kapena nditenge ngongole ndichite zonse nthawi imodzi? Musandinyoze chonde.

Mfumu ya Geni:
Mayi, ndikuuzani chilungamo ngakhale chikuwaweni. Mwatchula anthu asanu amene akulakwirani, koma simunatchule nthawi imene mumadzuka. Ine ndimadzuka 4 koloko m'mawa chaka chonse, mvula kaya dzuwa. Ndinayamba ndi thebulo limodzi la tomato, lero ndili ndi mashopu awiri ndi anyamata atatu a kabaza. Palibe mlamu amene angaimitse munthu wodziwa kumene akupita. Zolinga zanu n'zazing'ono, n'chifukwa chake sizikukudzutsani. Nkhuku 200 n'chiyani? Lembani 2,000!

Mayi a Mapasa:
Asisi, pepani. Nkhani ya mlamuyo ndiye yandikwiyitsa. Ndalama ya geni sibwerekedwa kwa wachibale, makamaka wa kuchimuna. Ine zinandionekera, achimwene awo a bambo anatenga mpamba wanga wonse wa kaunjika, bale yathunthu, akuti akagulitse kumudzi. Patha zaka zinayi. Itanani ankhoswe, akhale pansi onse, mlamuyo anene tsiku lobweza pamaso pa anthu.

Wa Makina ku Limbe:
Achemwali, ine ndimagwira ntchito yosindikiza mabuku. Ndisanakuuzeni chilichonse ndifunse kaye: bukulo lili pati? Munamaliza kulemba, lili pakati, kapena likadali m'mutu? Masamba ndi angati, ndipo ndi la mtundu wanji, nthano, ndakatulo, la ana asukulu kapena la mbiri ya moyo wanu? Malangizo a munthu amene wamaliza kulemba ndi osiyana kwambiri ndi a munthu amene sanayambe.

Kamnyamata ka Ndirande:
Amayi, lembani buku la mlamu wanuyo ndi mnzanu wa kukwaya, ine ndigula makope awiri 😂

Mphunzitsi Wopuma:
Mwana wanga, imva za ine nkhalamba. Nditapuma pantchito ndinatenga gawo lalikulu la ndalama zanga za penshoni n'kusindikiza makope 1,000 a buku la miyambi ndi nthano zimene ndinatolera zaka zambiri ndikuphunzitsa. Osindikiza anandiuza kuti ndikachulutsa makope mtengo wa limodzi umatsika, ndipo sananame. Chimene sindinadzifunse n'chakuti adzagule ndani. Ndinkaganiza kuti sukulu zidzangolanda. Ndinadziwa mochedwa kuti buku lolowa pa mndandanda wa sukulu limayamba lawunikidwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo liyenera kugwirizana ndi silabasi. Langa sindinalipititse n'komwe. Tsiku lokhazikitsa ndinagulitsa makope osakwana 40, ambiri kwa ana anga ndi a mpingo. M'mashopu a mabuku amati siyani makope asanu, tidzakulipirani akagulidwa. Otsalawo ali m'makatoni kuseri kwa kama, awiri a pansi chiswe chinalowamo. Ndikatsegula ndimalira. Sindikuti usalembe, ayi. Koma usanapereke ndalama kwa osindikiza, ukhale ndi mayina a anthu ogula olembedwa pa pepala.

Mfumu ya Geni:
Madala, ndi ulemu wonse, vuto lanu linali kusatsa malonda. Buku sililowa lokha m'thumba la munthu. Mukanandipatsa ine makatoniwo, mwezi umodzi akanatha. Musawaopseze mayiwa ndi kulephera kwanu.

Mphunzitsi Wopuma:
Bambo, makatoniwo alipobe. Bwerani mudzatenge, tidzagawana pakati.

Mfumu ya Geni:
Ine nthawi ya zimenezo ndilibe panopa, ndikutsegula shopu yachitatu. Mayi wofunsanu, mverani. Pitani mukalembetse dzina la bizinesi kwa Registrar General, masiku ano zimatheka ndi pa intaneti pomwe. Mukatenge TPIN, nambala yolipirira msonkho, ku MRA. Mutsegule akaunti ya bizinesi yosiyana ndi yanu. Mukatero pitani ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama za geni mukapemphe ngongole yooneka, muike nkhuku zambiri, phindu lake lisindikize buku, buku ligule puloti. Wopanda ngongole sakula. Amene akufuna ndimuphunzitse bwinobwino andipeze ku inbox.

NaPhiri wa Nkhuku:
Ayi bambo, pamenepo mwawasocheretsa. Munthu amene mpamba wake wa nkhuku 50 watha chifukwa cholephera kukana mlamu, mukumuuza akatenge ngongole yaikulu? Ndalamazo zikalowa m'nyumba imeneyo, mlamu yemweyo adzabweranso ndi nkhani ina.

Asisi, ine ndaweta mabuloyila zaka zisanu ndi ziwiri. Werengani chobwerera m'mbuyo. Nkhuku zimayenda kwambiri pa Khirisimasi ndi Nyuwere. Buloyila imakhwima pa masabata asanu ndi limodzi, ndiye anapiye ayenera kukhala ali m'khola sabata yachiwiri ya Novembala, ndipo muwaodetse msanga chifukwa nthawi imeneyo aliyense amawafuna. Chimene chimadya ndalama si anapiye ayi, ndi chakudya, sitata, gulowa ndi finisha. Musagule mwanapiye ngakhale mmodzi ngati ndalama ya matumba onse mpaka sabata yomaliza mulibe, apo ayi mudzagulitsa nkhuku zosakhwima pa mtengo wolira. Katemera wa chitopa ndi gumboro musadumphe. Kuchoka pa 50 kudumphira 200 khola lake ndi lina, utuchi wake ndi wina, mbaula zake n'zina. Pangani 50 mu Seputembala, phindu lonse libwerere m'khola, mu Novembala muike 100. Zimenezo n'zotheka. Za mnzanu wa kukwayayo musiyeni, wotsitsa mtengo osawerengera chakudya satenga nthawi.

Mlongo mwa Ambuye:
Habakuku 2:2 amatiuza kulemba masomphenya momveka bwino. Inu munalemba kale mu Januwale, chatsala ndi kusala kudya ndi kupemphera. Ndipo mukhululukireni mnzanu wa kukwayayo, mwina chotchinga chili pamenepo.

Mayi a Mapasa:
Kukhululuka inde, koma K350,000 ibwere kaye.

Wa ku Joni:
Mabuku ku Malawi? Anthu akuvutika kugula ufa inu mukuti agule buku. Ine ndinali ndi ndakatulo zodzaza makope atatu, pawailesi zinawerengedwapo, sindinaonepo ngakhale tambala. Ndinazisiya, ndili ku Johannesburg kuno ndikugwira ntchito ya m'munda wa maluwa, ndamanga nyumba kumudzi. Gulani puloti mayi, dothi silikhumudwitsa.

Mlembi wa ku Zomba:
Achimwene a ku Joni, ndakatulo zanuzo munazilembetsa ku COSOMA? Bungweli lilipo kuyambira 1992 ndipo ntchito yake ndi kutolera ndalama za eni luso. Ambiri timadandaula tisanapiteko n'komwe.

Kwa mayi wofunsa: laputopu isakhale chifukwa. Ine buku langa loyamba ndinalemba pa foni, m'minibasi, popita ndi pobwera kuntchito. Mawu 300 patsiku ndi pafupifupi tsamba limodzi. Mukachita zimenezo masiku 100 muli ndi mawu 30,000, limenelo ndi buku. Lamulungu lililonse muzidzitumizira zimene mwalemba pa imelo kuti foni ikabedwa musalire. Ndipo cholinga chakuti "kutulutsa buku" n'chachikulu kwambiri, mkati mwake muli ntchito zambiri: kumaliza kulemba, kulisiya mwezi, kulibwereza, kupatsa mkonzi amene si mnzanu, kukonza chikuto, kenako kusindikiza. Pa chaka chino lembani chimodzi chokha, kumaliza kulemba pofika 31 Disembala. Zaka 40 zikadali kutsogolo. Mufufuzenso za Malawi Writers Union, kukhala ndi anzanu olemba kumathandiza kuti usagwe ulesi.

Koma ndikupempheni chinthu chimodzi, lembani m'Chichewa. Tili ndi ana amene akumaliza Fomu 4 asanawerengepo buku la Chichewa kupatula la mayeso.

Mfumu ya Geni:
Chichewa? Ndiye adzagulitsa kwa ndani? Ndalama zili m'Chingerezi bwana, dziko lonse liwerenge. Kuganiza mochepa kumeneku n'kumene kwatisaukitsa.

Mlembi wa ku Zomba:
Dziko lonse limene mukunenalo lili ndi mabuku a Chingerezi osawerengeka, la mayiwa lidzaoneka bwanji? Pomwe Chichewa chimamveka kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chipata ndi ku Tete, ndipo mabuku ake ndi ochepa. Inu mwawerengapo buku lanji chaka chino?

Mfumu ya Geni:
Ine ndimawerenga ndalama. Inu alembi mumakonda kukambirana, n'chifukwa chake mumayenda wapansi. Ndanena kale, 4 koloko m'mawa, zolinga zikuluzikulu, ngongole, basi. Ena onsewa akukuuzani za mantha awo.

Mayi a Mapasa:
Bambo inu, 4 koloko m'mawa mayiwa amakhala akutenthetsa kale madzi a ana. Mukadzuka inu amakuphikirani tiyi ndani? Tisamayankhule ngati tonse tili ndi mkazi kunyumba.

Msungichuma wa Banki M'khonde:
Pa nkhani ya ngongole ndiikepo mawu. Ngongole imatengedwa pa chinthu chimene chibweze ndalama tsiku lobweza lisanafike. Nkhuku zimabweza pa miyezi iwiri, buku lingathe chaka osabweza. Ndiye ya buku musakongole, kaya kubanki kaya kwa akatapila. Lowani banki m'khonde kapena chipereganyu cha kuntchito, ndalama ikhale kumene simungaitulutse mlamu akagogoda. Ya nkhuku muziisunga pa nambala yakeyake ya Airtel Money kapena Mpamba, yosadziwika kunyumba. Puloti chaka chino iiwaleni, si tchimo kusuntha chinthu kupita chaka chamawa.

Wa Makina ku Limbe:
Poti ena afunsa ku inbox za mtengo wosindikizira buku, ndiyankhe pano. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, ndiye kwacha ikagwa mtengo umakwera nthawi yomweyo. Mu Novembala 2023 itagwa ndi 44 peresenti, makoteshoni onse amene tinapereka kale anasanduka opanda ntchito. Choncho musasunge ndalama potengera mtengo umene munamva chaka chatha. Masiku ano pali makina osindikiza makope ochepa, 50 kapena 100, limodzi limadulirapo koma simudzagona ndi makatoni ngati aphunzitsi athuwa. Nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku, imatengedwa ku National Archives ku Zomba, ndipo buku likatuluka lamulo limafuna kuti kope lipite kumeneko. Koma zonsezi zikudalira funso langa lija. Achemwali, bukulo lili pati?

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse, ndawerenga mpaka misozi. Mayi a Mapasa, za ankhoswe ndinayesa mu Juni, wa kuchimuna ndi malume ake a mlamu yemweyo, anangoti nkhani za ndalama zisalowe m'banja. Dzulo lomweli mlamuyo anabwera kudzadya nsima kwathu, ndiwo yake nkhuku ya m'khola mwanga, osatchulako n'komwe za ngongole. A NaPhiri, khola langa ndi la njerwa zosawotcha, mvula ikayamba limadontha mbali imodzi. Aphunzitsi, nkhani yanu yandikhudza, Mulungu akutonthozeni. Bambo a mashopu, ine ndimadzuka 4:30.

Mfumu ya Geni:
Mwaona? Mphindi 30 zimenezo ndi zimene zikukusiyanitsani ndi ine. Pa chaka ndi maola oposa 180 amenewo. Ndipezeni ku inbox mayi.

NaPhiri wa Nkhuku:
Ngati likudontha konzani denga mu Okutobala mvula isanayambe, utuchi ukanyowa anapiye amatha ndi chitsekulo. Malata awiri kapena pulasitiki yakuda yokhuthala ikwana. Ndipo nkhuku imene yadyedwa kunyumba muziilemba m'kope ngati yagulitsidwa pa ngongole, bambo a kunyumba aziona pakutha pa mwezi.

Wa Makina ku Limbe:
Achemwali, mwayankha onse. Masamba amene mwalemba ndi angati?