Power meter: ndigule pano kapena ndidikire?

Chikondi (Randburg): Abale, base (gawo la maphunziro lomangira maziko) ndikumaliza sabata ino, ndikulowa build (gawo lowonjezera mphamvu) ya Ironman 70.3, mpikisano wosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga, ya ku Durban mu June. Mnzanga akugulitsa mapedulo a Favero Assioma Uno, aja a power meter, oyeza mphamvu yopalasira ya mwendo wakumanzere wokha. Lamba wa pachifuwa woyeza kugunda kwa mtima, wa Polar H10, ndili naye kale. Ndigule kapena ndalamayi ndiisunge?

aPhiri (Centurion): Gulani achimwene, nthawi yake ndi imeneyi. Mu base mumapalasa maola ambiri mofatsa, mtima umagunda mosasinthasintha, ndiye lamba amakwanira. Build ndi nkhani ina. Mukayamba ma interval, kupalasa mwamphamvu mobwerezabwereza kwa mphindi 3 kapena 5, mtima umachedwa kukwera. Miyendo yayamba kale kuwotcha koma wotchi ikunenabe kuti muli mu zone 2, mlingo wopalasa mofatsa. Pamenepo munthu umaponda mopyola muyeso pofuna kuti nambala ikwere, pofika interval yachitatu mphamvu zatheratu. Mawatts, manambala a mphamvu amene power meter imaonetsa, sachedwa, mukaponda aoneka pomwepo. Yesani FTP, mphamvu imene mungapalase nayo pafupifupi ola lathunthu: mphindi 20 ndi mphamvu zanu zonse, mutenge 95 peresenti ya avareji, ma zone anu onse achokere pamenepo.

NaBanda (Umhlanga): Ine ayi. Achimwene, si inu muli ndi njinga ija yopanda ma aero bar, zotsamirapo mikono zija zothandiza kuwerama n'kuchepetsa mphepo? Makilomita 90 a msewu wa M4 ndi mphepo ya kunyanja, mutakhala chilili pachishalo, mawatts mudzawaona bwinobwino pawotchi anzanu akukudutsani. Pitani kaye kwa wodziwa kukonza kakhalidwe ka panjinga, akuikireni ma bar omangirira, akweze kapena kutsitsa chishalo, thupi lizolowere kuwerama milungu ya build isanathe. Chinanso, inu mumasambira m'dziwe la ku gym. Kuno makilomita 1.9 aja ndi a m'nyanja ya mchere, yoyamba ndi kudutsa mafunde. Ndalamayo bwerani nayo kuno Loweruka lina mudzalawe madziwo.

Madala Mbewe: Mark Allen anapambana mpikisano wa Ironman wa dziko lonse ku Kona, Hawaii, kasanu ndi kamodzi, 1989 mpaka 1993 komanso 1995, akudalira kugunda kwa mtima monga anamuphunzitsira Phil Maffetone. Ana inu mwakonda zida.

aPhiri (Centurion): Zoona madala, koma njira ya Maffetone ija ya 180 kuchotsapo zaka zako ndi yomangira maziko, yoletsa munthu kuthamanga kwambiri. Funso la achimwenewa ndi la pambuyo pa maziko. Ndipo phindu lalikulu lili pa tsiku la mpikisano. Kukatentha, mtima umakwera wokha ngakhale mphamvu sizinasinthe. Ukangotuluka m'madzi umakhala uli pamwamba kale chifukwa cha befu ndi chisangalalo. Ambiri amene amayenda wapansi pa makilomita 21.1 omaliza, vuto silinali kuthamanga, anapsereza miyendo panjinga. Ukadziikira malire, tinene 80 peresenti ya FTP, n'kuwayesa pa ma brick a Loweruka, kutsika panjinga n'kuthamanga nthawi yomweyo, umadziwa kuti miyendo ikusiyira zingati.

NaBanda (Umhlanga): Malirewo awayesa kuti? Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700. FTP ya kumeneko siifanana ndi ya m'mphepete mwa nyanja, kuno mpweya ndi wambiri. Nanga Uno imangochulukitsa kawiri mphamvu ya mwendo umodzi.

aPhiri (Centurion): Pa za mpweya mwanena zoona achemwali, koma kulakwika kwake n'kwabwino: afika ku Durban ndi nambala yotsikirapo, apalasa mosamala, athamanga bwino. Za mwendo umodzi sizindidetsa nkhawa, bola chida chikhale chomwecho tsiku lililonse. Chondidetsa nkhawa ndi munthu wogula n'kumangoyang'ana manambala osasintha kalikonse pa maphunziro ake. Ameneyo asagule.

Chikondi (Randburg): Zandigwira mtima ndi za kuyenda wapansizo, n'zimene ndimaopa kwambiri. Mwini mapedulowo wavomera kundibwereka milungu iwiri, ndiyesa FTP Lachiwiri. Nsapato zanga zili ndi ma cleat a Shimano, tizida tija tokolera nsapato ku pedulo, alowa?

aPhiri (Centurion): Salowa. Uno imafuna a mtundu wa Look Keo, mumufunse akupatseni omwe anabwera nawo. Mukasintha ma cleat muonenso kutalika kwa chishalo, bondo lingadandaule.

NaBanda (Umhlanga): Mwaona, mwabwereranso kwa wokonza kakhalidwe uja. Muyambe ndi iyeyo musanayese FTP, chifukwa mukadzaika ma bar pambuyo pake nambalayo idzasintha ndipo mudzayesanso.