Pd-Ag yathu yayamba kudya ethylene itawotchedwa

Tadala: Moni akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Mu labu mwathu tili ndi catalyst ya palladium ndi siliva (Pd-Ag) pa alumina, yochotsera acetylene mu ethylene pomuwonjezera hydrogen kuti nayenso asanduke ethylene. Mpweya womwe tikulowetsa uli ndi 1% acetylene, 20% ethylene, ndipo hydrogen ndi wowirikiza kawiri acetylene. Ili yatsopano inkamaliza acetylene yense pa 70 °C, ethane n'kumatuluka wochepa. Green oil (mafuta olemera ochokera ku acetylene omwe amamata pa catalyst) atachuluka tinaiwotcha mu mpweya pa 450 °C, kenako reduction (kuchotsa oxygen pa chitsulo) ya hydrogen pa 150 °C kwa ola limodzi. Tsopano ikumaliza acetylene pa 50 °C pokha, koma ethylene wotuluka ndi wochepa kuposa wolowa. Kodi yatha ntchito?

aMbewe: Tisanaiike m'manda, mukuwerengera bwanji? Ethylene akakhala wochuluka chonchi, kusiyana kwa wolowa ndi wotuluka kumabisala m'phokoso la GC, makina oyezera mipweya. Ikani internal standard (mpweya wodziwika kuchuluka kwake woyerekezera nawo), ndipo selectivity (gawo la acetylene losanduka ethylene) muiwerengere kuchokera pa ethane ndi ma C4, a ma carbon anayi.

Tadala: Zikomo aMbewe. Timagwiritsa ntchito propane ngati standard, ndipo ethane wakweradi, peak yake ikuoneka ndi maso.

Kondwani: Nanga thermocouple yoyezera kutentha ili pati? Acetylene kupita ku ethylene amatulutsa kutentha pafupifupi 175 kJ pa mole, ethylene kupita ku ethane 137. Bedi la catalyst likatentha pakati, ethane amachuluka, nayenso n'kuwonjezera kutentha. M'mafakitale a front-end, omwe amachotsa acetylene mpweya udakali ndi hydrogen wambiri, ndi mmene runaway (kutentha kukwera mosalamulirika) imayambira CO (carbon monoxide) akatsika mwadzidzidzi. Sakanizani catalyst ndi SiC (silicon carbide) kuti kutentha kumwazike.

Tadala: Ndi yosakaniza kale achimwene, ndipo thermocouple ili m'kati mwa bedi. Zonsezi zili monga zinalili isanawotchedwe.

aNachisale: Tadala, mawu ako omwe akupereka yankho. Catalyst yakufa imafuna kutentha kwambiri kuti igwire ntchito, pomwe yako ikugwira pa kutentha kochepa kuposa kale. Ndiye kuti palladium wachuluka pamwamba.

Kumbukira chimene siliva amachita mmenemo. Payekha sagwira hydrogen kwenikweni. Ntchito yake ndi kulowa pakati pa ma atomu a palladium kuti asakhale gulu. Acetylene amagwira mwamphamvu ngakhale pa atomu imodzi, koma ethylene pa atomu yokhala yokha amagwira mofooka, amachoka asanalandire hydrogen wina. Palladium akakhala gulu ethylene amakakamira, komanso hydrogen amalowa m'kati mwa chitsulo n'kupanga beta hydride, ndipo hydrogen wotuluka mmenemo sasankha, amangodzaza chilichonse. N'zofanana ndi zomwe Lindlar anachita mu 1952 poika mtovu pa palladium, kungoti masiku ano mtovuwo sitiufuna.

Ukawotcha mu mpweya pa 450 °C, palladium amasanduka PdO (palladium oxide) n'kupatukana ndi siliva. Hydrogen pa 150 °C amabweza PdO kukhala chitsulo mosavuta, koma kutentha kumeneko n'kochepa kuti zitsulo ziwirizo zisakanikiranenso. Panopa uli ndi timagulu ta palladium pafupi ndi siliva wongokhala.

aMbewe: Ndikugwirizana nawo mayiwa, koma tione umboni. Sintering (tinthu ta chitsulo kuphatikana n'kukula) nayo ikhoza kuchulukitsa ethane, tinthu tikakula hydride imapangika mosavuta.

aNachisale: Zoona bambo, koma sintering ikanachepetsa liwiro. Pali njira ziwiri zosadula. Yoyamba TPR, kutenthetsa sample pang'onopang'ono mu hydrogen ukuyeza hydrogen wolowa ndi wotuluka: ukaona peak yoloza pansi chapakati pa 60 ndi 80 °C, ameneyo ndi hydride akutulutsa hydrogen, chinthu chomwe alloy yabwino sichita. Yachiwiri CO-DRIFTS, kuona ndi infrared mmene CO wagwirira pa catalyst. CO wogwira atomu imodzi amaonekera pamwamba pa 2000 cm⁻¹, wogwira ma atomu awiri kapena atatu amaonekera pansi pake. Yerekeza yatsopano ndi yowotchedwa. Usachedwetse sample mu CO, chifukwa CO yemweyo amakokera palladium pamwamba n'kukusokoneza.

Kondwani: Ikakanika, ikani CO pang'ono mu feed. Mafakitale akale a tail-end, ochotsa acetylene kumapeto, ankatero.

aNachisale: Ethane adzatsikadi, koma ukhala wabisa vuto, ndipo zotsatira sizingayerekezedwe ndi zakale.

Tadala: Ndabwera ndi zotsatira. Yowotchedwa ili ndi band yaikulu pa 1980, yomwe pa yatsopano imangooneka pang'ono. Peak ya hydride nayo ilipo. Ndachita reduction pa 400 °C kwa maola awiri, ndaiziziritsa mu helium. Band ija yatsika kwambiri, acetylene akutha pa 75 °C, ethane wabwerera pafupi ndi poyamba. Zikomo kwambiri mayi.

aMbewe: 75 m'malo mwa 70, ndiye kuti mwina tinthu takula pang'ono, kapena siliva waphimba pamwamba mopitirira. Siliva amakonda kukwera pamwamba mukatenthetsa mu hydrogen. Chitani CO chemisorption (kuyeza palladium wa pamwamba ndi CO), ndipo mukapeza mpata pa TEM (electron microscope) muone kukula kwa tinthuto. Ulendo wina yesani kuwotcha pa 350 °C ndi oxygen wochepetsedwa ndi nitrogen.

Tadala: TEM ndalembetsa Lachinayi. Funso lina: green oil uja, ndikweze hydrogen kuti achepe?

Kondwani: Adzachepa, koma ethane adzakwera. Kwezani pang'onopang'ono mukuyang'ana butadiene pa GC, poti green oil amayambira pamenepo.