Ndisinthe processor kapena graphics card? Ndalama ndi ya chimodzi chokha

Wofunsa: Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni, mutu waima. Kompyuta yanga ili ndi processor ya Ryzen 5 2600, card ya GTX 1650 ya 4GB, RAM 8GB ndi SSD. Gemu ikamayamba imayenda bwino, koma pakachuluka anthu chithunzi chimaima kamphindi kenako n'kudumpha. Achimwene anga ali ku Johannesburg akubwera mu Disembala, ati ndiwatumizire dzina la chinthu chimodzi sabata ino isanathe. Ndalamayi ndasunga miyezi 7, sindikufuna ilowe m'madzi. Amene anandigulitsa makinawa anati athamangitsa chilichonse, lero foni yanga sakuyankha. Msuweni wanga amene ndikukhala naye amayatsa ine ndikachoka, wadzazamo mapulogalamu osadziwika, ndikamuuza akuti ndine woumira. A landilodi nawonso akuti mayunitsi akutha chifukwa cha ine, pomwe iwo ali ndi mafiriji awiri. Ndatopa nazo. Ndigule processor kapena card?

Wa ku Area 25: Card, aise, palibenso zokambirana. GTX 1650 ili ndi 4GB yokha, magemu atsopano amaidzaza msanga. RX 6600 ili ndi 8GB ndipo pa 1080p imathamanga pafupifupi kawiri kapena kuposa. Osalola kuti akugulireni RX 6500 XT chifukwa chotchipa, nayonso ndi ya 4GB ndipo imagwiritsa mizere 4 yokha ya PCIe (njira yolumikiza card ku motherboard), pa board yakale imatsamwa.

Wokonza makompyuta ku Limbe: IMANI KAYE NONSE. Power supply yake ndi yanji? Palibe wafunsa! GTX 1650 imadya 75W ndipo zambiri zimangotenga moto pa slot, zilibe chingwe. RX 6600 imadya 132W ndipo imafuna chingwe cha 8-pin, AMD imati power supply ikhale ya 450W. RTX 3060 imadya 170W, imafuna ya 550W. Makina ogulidwa osonkhanitsa kale nthawi zambiri amakhala ndi kabokosi kopanda dzina kolembedwa 500W, koma mukawerenga mzere wa +12V mupeza 18A kapena 20A, kutanthauza 216W kapena 240W basi. Tsegulani mbali ya case, jambulani chomata chija mutitumizire.

Mphunzitsi wa ICT: Achimwene, simunatiuze chachikulu: mumasewera gemu yanji, pa monitor yanji? Valorant, CS2 ndi Fortnite zimatsamira kwambiri pa processor. Cyberpunk 2077 kapena Red Dead Redemption 2 zimatsamira pa card. Musalote, yezani. Ikani mapulogalamu oyezera a MSI Afterburner ndi RivaTuner, muyatse kuti pa sikirini pazioneka GPU usage (mmene card ikugwirira ntchito), VRAM (memory ya pa card), RAM, kutentha ndi frametime (nthawi yojambulira chithunzi chimodzi). Sewerani mphindi 15 pamalo pomwe pamadukiza paja. GPU ikakhala pa 97 mpaka 99%, card ndiyo yafika pothera. Ikamazungulira 60 kapena 70% koma FPS (zithunzi pa sekondi) ili pansi, ndiye kuti ikudikira processor kapena RAM. Musayang'ane CPU usage yonse ya processor, imanamiza: 2600 ili ndi ma thread (njira zogwirira ntchito) 12, imodzi ikadzaza gemu imaima ngakhale chiwerengero chikunena 40%. Kenako tsitsani resolution kufika 720p, zina zonse musakhudze. FPS ikakwera kwambiri, gulani card. Ikapanda kusuntha, card yatsopano siikuthandizani.

Wa ku Area 25: Aphunzitsi mwatalikitsa. Ndi 1650 chilichonse chimene angayeze chiloza ku card.

Mphunzitsi wa ICT: Ayi. Werenganinso zimene walemba. Sananene kuti FPS ndi yotsika nthawi zonse, wanena kuti chimaima n'kudumpha pakachuluka anthu. Card yofooka imapereka FPS yotsika koma yokhazikika. Kudumphadumpha kumachokera ku RAM yodzaza, VRAM yodzaza kapena processor.

Wa ku Mzuzu: 8GB imeneyo ndi kamtengo kamodzi kapena timitengo tiwiri? Tsegulani pulogalamu ya CPU-Z, pitani pa Memory. Kukalembedwa Single, vuto lanu theka ndi limenelo. Ryzen imavutika kwambiri ndi kamtengo kamodzi chifukwa njira ya data imakhala theka. Komanso Windows ndi browser zokha zimadya pafupifupi 4GB, gemu ikafuna zambiri kompyuta imayamba kubwereka pa SSD, ndiye kuima kuja. Gulani 2x8GB DDR4 3200, pa board ya mipata inayi muike pa wachiwiri ndi wachinayi kuchokera ku processor, kenako muyatse XMP, yopatsa RAM liwiro lake lonse, mu BIOS (pulogalamu ya mkati mwa board), pa board za ASUS amalemba DOCP. Mukapanda kuyatsa iyenda pa 2133 kapena 2400.

Wokonza makompyuta ku Limbe: RAM, card, processor, zonsezo n'zachabe ngati moto ndi wonyansa! Ndipo wina asabwere pano kudzanena kuti agule adaputa ya SATA kupita ku 8-pin. Pulagi ya SATA, yopatsa moto ma disk, inapangidwira 54W pa 12V. Mukakokapo 130W pulasitiki imasungunuka. Pulagi ya Molex nayonso musayerekeze.

Mayi wa ku Zomba: Inu nkhani ya msuweni musaipeputse. Mapulogalamu osadziwika aja nthawi zina amabwera ndi zokumba ndalama za crypto mobisa, card imagwira ntchito inu musakudziwa. Onani Task Manager kompyuta isakuchita kalikonse. GPU kapena CPU ikakhala pamwamba, fufutani Windows muikenso. Mumutsegulire akaunti yake yopanda mphamvu za administrator, yanu muike password. Ndipo achimwene anu musawathamangitse, katundu akagulidwa kunja kubweza n'kovuta.

Wa ku Cape Town: Za a landilodi n'zosavuta kuwerengera. Makina amenewo pamodzi ndi monitor safika 250W pa gemu. Maola 4 ndi yuniti imodzi, osapitirira.

Wa ku Kasungu: Ine ndikuti processor. Socket ndi AM4, ndiye Ryzen 5 5600 ilowa pomwepo osasintha board kapena RAM. Ma core ndi 6 omwewo, 65W yomweyo, koma L3 cache (memory yachangu ya mkati mwa processor) ndi 32MB pomwe 2600 ili ndi 16MB, ndipo core iliyonse ndi yachangu kwambiri. Imabwera ndi cooler yake. Osasokoneza ndi 5500 kapena 5600G, zimenezo zili ndi 16MB. Ndalama ikalola, 5700X3D ili ndi 96MB, koma ndi ya 105W ndipo cooler mugula padera.

Wa ku Area 25: 5700X3D pa GTX 1650? Mukufuna mnyamatayu alire.

Wokonza makompyuta ku Limbe: A Kasungu mwasiya chofunika: BIOS! Board ya B450 kapena A320 siizindikira 5600 popanda BIOS yatsopano, ndipo muyenera kuikweza 2600 IKADALI MOMWEMO. Mukachotsa kaye, sikirini ingokhala yakuda. Pitani pa webusaiti ya kampani ya board, onani mndandanda wa ma CPU, tengani BIOS ya AGESA 1.2.0.7 kapena yoposa, ikani pa flash ya FAT32. Ma board ena amafuna mudutse kaye pa BIOS yapakati, werengani. Ndipo ndi mmene magetsi amathimira kwathu kuno, osayesa popanda UPS kapena inverter. Akathima pakati pa ntchito, board yafa, pokhapokha ili ndi batani la Flashback lobwezeretsera BIOS. Ngati BitLocker, loko ya Windows yotseka disk, ndi yoyatsa, sungani recovery key musanayambe. Pochotsa cooler, yatsani makina atenthe kaye, kenako muipotoze pang'onopang'ono. Mukangozula, processor imatuluka itamatirira ndipo mapini amapindika.

Wa ku Mzuzu: Bwana a ku Limbe, zimene mukunena n'zoona koma mwamuopseza munthu. Sitikudziwa n'komwe board yake.

Wokonza makompyuta ku Limbe: Bola aope lero kusiyana ndi kununkhiza utsi mu Januwale.

Wofunsa: Zikomo nonse. CPU-Z ikuti Single, board ndi A320M. Gemu ndi Fortnite kwambiri, nthawi zina FC ya mpira ija. Afterburner sindinaike, bundle yatha, msuweni uja anaonera mafilimu usiku. Ndiye ndiwauze chani achimwene?

Mphunzitsi wa ICT: Fortnite, kamtengo kamodzi ka 8GB, kudumpha pakachuluka anthu: yambani ndi RAM ya 2x8GB. Mtengo wa RX 6600 imodzi ukhoza kukwanira RAM imeneyo ndi 5600, achimwene afunse m'sitolo, zonse ziwiri zimalowa m'thumba la jekete. Pakali pano sinthani Rendering Mode ikhale Performance. Monitor ndi ya 60Hz kapena 144Hz? Ngati ndi ya 60, RAM yokha ikhoza kukukwanirani.

Wa ku Area 25: Chaka chamawa adzabweranso kudzafunsa za card, mudzaona.

Wokonza makompyuta ku Limbe: Chomata cha power supply chija sindinachionebe. Zomangira ziwiri zokha kumbuyo kwa case, chotsani pulagi kukhoma kaye. Jambulani mzere wa +12V uoneke bwino.