Nkhani ya R4,000 tisanagawane

Mayi Nambewe (a Tcheya), 18:42
Mwaswera bwanji nonse. Tatsala ndi masabata atatu kuti tigawane ndalama za banki khonde yathu ya kuno ku Joni pa 14 Disembala. A Gondwe andibweretsera nkhani kumbali, ine ndawauza kuti ndalama ndi za tonse, ayankhulire pano. Chonde lero mavoisi ayi. Lembani, kuti mawa wina asadzakane zimene wanena.

A Gondwe, 18:51
Zikomo a Tcheya. Usiku wathawu ndili pa geti ku Randburg ndinatsegula buku lathu la pa Google Sheets kuti ndione zimene ndidzapate. Pa mzere 31 pali ngongole ya R4,000 ya achimwene Yusufu, deti yake 9 Ogasiti. Ine ngongole imeneyi sindikuikumbukira. Nditayang'ana mbiri ya mzerewo, ikuonetsa kuti unalembedwa pa 2 Okutobala cha m'ma 11 koloko usiku, ndipo analemba ndi akaunti ya a Banda. Ndiye kuti kwa masabata asanu ndi awiri ndalama inali itatuluka koma buku linkati ilipo. Komanso wolemba m'buku ndi Chikondi, osati msungichuma. Ndikungofuna kumva kuti zinayenda bwanji.

Nachisale, 18:55
Yusufu wake uti? Amene anamugwira uja?

A Gondwe, 18:56
Yemweyo.

A Banda (Msungichuma), 19:10
Ndangotsika kumene taxi pa Bree. A Gondwe, bwenzi mutandiimbira kaye. Ngongoleyo ilipodi ndipo sindinabise. Pa 8 Ogasiti Yusufu anapempha pano pomwe kuti makina ake osokera afa, akufuna ena a salaula ku Fordsburg. Ndinaika voti pa gulu pano. Pitani m'mwamba mukaione. Anthu anavomera, ine ndinamutumizira mawa lake.

A Gondwe, 19:14
Ndaiona. Anavota ndi anthu 5. Tilipo 14.

A Banda, 19:16
Enanu munaiwerenga, matiki a buluu alipo. Simunakane.

Nachisale, 19:21
Ayi a Banda, pamenepo ndikana. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Fourways, foni ndimaisuzumira ndili ndi mwana wa abwana kumbuyo. Kutsegula uthenga sikuvomera. Malamulo athu amati ngongole yopitirira R2,000 ivomerezedwe ndi theka la gulu, ndipo pakhale mboni. Mboni ya Yusufu ndi ndani?

A Banda, 19:23
Panalibe. Zinali zachangu.

Anaphiri, 19:40
Ana anga, ndimvereniko ine wamkulu. Kwathu ku Ntcheu banki khonde tinkakhaladi pakhonde. Bokosi lachitsulo pakati, maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu, ndipo wosunga bokosi analibe kiyi ngakhale imodzi. Ndalama tinkawerenga mokweza, awiri akuwerenga, tonse tikuona. Amayi ena sankadziwa kulemba dzina lawo, koma ukawafunsa kuti sabata yatha m'bokosi munatsala zingati ankakuuza mpaka kwacha yomaliza. Kuno chiyambire lockdown ya 2020 tinasiya kukumana ku Mayfair, tinati zonse pa foni. Sindikudana nayo foni. Mdzukulu wanga amandiwerengera bukulo ndili ku Rosettenville, sindilipiranso taxi ziwiri. Koma tsopano bokosi lili kwa a Banda, kiyi ili kwa a Banda, ndiye lero ndikumva kuti cholemberanso chili kwa a Banda. Ngakhale munthu akhale wa kutchalitchi chotani, katundu ameneyu si wa mutu umodzi.

Chikondi (Mlembi), 19:52
Agogo akunena zoona, ndipo mbali ina ndi kulakwa kwanga. Mu Julayi foni yanga inasweka, ndinawatsegulira a Banda kuti azitha kulemba nawo m'buku, ndiye ndinaiwala kutsekanso. Pepani nonse.
Komabe tisaiwale kuti chimene chatiululira nkhaniyi ndi buku lomweli. Likanakhala la pepala, munthu akanalemba 9 Ogasiti ndi bolopeni yomweyo, palibe akanadziwa. Ili limasunga dzina la wolemba, tsiku ndi ola, ndipo chimene chinalipo poyamba sichitayika. A Gondwe aona zonsezi ali pa geti pakati pa usiku osapempha chilolezo kwa aliyense. Ndi banki iti imene ingakulole kuona mabuku ake choncho?

A Gondwe, 20:03
Ndi chifukwa chake ndimaliyang'ana. Mukumbukire Cashgate ya 2013 kwathu. Boma linali nayo kompyuta yolipirira, IFMIS ija. Anthu ankalowetsamo malipiro a makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, macheke akatuluka n'kufufuta zolembazo. Mabiliyoni anapita, m'zipatala mulibe mankhwala. Kompyuta inalipo, koma oiona anali ochepa, ndipo olemba ndi ofufuta anali amodzimodzi.

A Banda, 20:06
Ndiye mukundifanizira ndi akuba a ku Capital Hill? Zaka zinayi ndikusunga ndalama zanu mu akaunti yanga, machaji a banki ndimalipira ndekha, sipanasowepo ngakhale R10. A Tcheya, ngati zili choncho ndituluke.

Mayi Nambewe, 20:09
Palibe akutuluka. A Gondwe, bwezani mawu amenewo. A Banda, inunso funso simunayankhe. Munadikiriranji mpaka Okutobala?

A Gondwe, 20:11
Sindinati ndi akuba, koma ngati zamveka choncho pepani achimwene. Funso lokhalo likhale.

A Banda, 20:25
Chabwino, ndinene zoona. Yusufu ndi wa kwathu, amayi ake ndi amayi anga amatunga pa mjigo umodzi. Anandilonjeza kuti pakutha pa Ogasiti abweza yonse, maoda a yunifomu anali nawo. Ndinkadziwa kuti voti sinakwane, ndiye ndinati ikabwera msanga ndingoibwezera mwakachetechete pamodzi ndi chiwongoladzanja, nkhani ithe. Kenako pakati pa Seputembala ndinamva kuti amugwira pa Mayfair, pasipoti inali itapitirira masiku, ali ku Lindela, kumene amasungira alendo oti abwezedwe kwawo. Masabata awiri sindinkagona. Pa 2 Okutobala ndinaona kuti sindingakhale nazo ndekha, ndinalemba m'buku. Deti ndinaika ya tsiku limene ndalama inatulukadi, sindinaname. Chimene ndinalephera ndi kubwera pano kudzanena ndi pakamwa panga.

Nachisale, 20:31
Mwayankhula bwino, koma zikundiwawabe. Mu Seputembala ine ndinapempha R3,000 ya fizi ya mwana wanga ku Zomba, munandiuza kuti thumba lachepa, ndinalandira R1,500. Yotsalayo ndinakatenga katapira kwa munthu wa ku Cosmo City, 30 pa 100 pamwezi. Bukulo linkaonetsa kuti ndalama ilipo, ine ndinkadabwa koma ndinachita manyazi kufunsa. Lero ndadziwa kumene inali.

A Banda, 20:33
Achemwali, pamenepo ndilibe mawu. Ndinakulakwirani.

Bambo Mwale, 20:48
Ine ndanena kuyambira kale kuti titsegule akaunti ya stokvel, ya magulu osonkha ndalama ngati lathuli. Mabanki akuluakulu a kuno ali nazo, osayinira amakhala angapo, munthu mmodzi sangatulutse yekha. Amenewo ndiye maloko atatu amene Anaphiri akunena.

Anaphiri, 20:55
Banki nayonso ndi anthu, bambo. VBS ya ku Limpopo ija inagwa mu 2018, ndalama pafupifupi R2 biliyoni zitabedwa ndi akuluakulu ake omwe. Amene tinkawaona pa TV atagona pa mzere kunja kwa banki anali agogo a ma stokvel ndi magulu a maliro ngati ife.

Bambo Mwale, 21:00
N'zoona, koma zinasinthako. Kuyambira Epulo 2024 kuli inshuwalansi ya ndalama zosungitsa, banki ikagwa amabweza mpaka R100,000. Thumba lathu silinafikepo pamenepo.

Chikondi, 21:08
Vuto si limenelo a Mwale. Banki imafuna mapepala chifukwa cha lamulo la FICA loti azidziwa bwino makasitomala awo, ndipo osayinira ayenera kukhala ndi pasipoti ndi pemiti zamoyo. Tiwerengane pano moona mtima, amene ali nazo zonse ndi angati? Ndi chifukwa chake tinathera mu akaunti ya a Banda. Banki imayamba yafunsa pepala. Ife timafunsa kuti kwanu n'kuti, amakudziwa ndani. Gulu ngati lathu likuchita ntchito ya banki kwa anthu amene banki singawatsegulire chitseko, ndipo zida tili nazo kale m'manja: WhatsApp ndi khonde, Sheets ndi buku, PayShap kapena eWallet zotumizira ndalama pa foni zija ndi mbale yoponyamo masheya. Chimene tinaiwala kusamutsa kuchokera kumudzi ndi makiyi aja basi.

Yusufu, 21:30
Salaam, moni nonse akuluakulu. Ndakhala ndikuwerenga, netiweki kuno ku Mangochi ikuvuta, ndakwera pa chulu kuti ndilembe. Sindinathawe. Nambala ya Joni ija ndiisungabe pa WhatsApp chifukwa cha gulu lino. Ndalama ndinatenga, makina ndinagula, ndinasokera mwezi umodzi wokha. Tsiku limene anandigwira ndinali ndi malaya okhawo a pathupi. Makinawo anatsala m'chipinda, mwini nyumba akuti agwira ngati lendi. A Banda musawaweruze kwambiri, ndine ndinawakakamiza. A Nachisale, za fizi ya mwana sindinkadziwa, mundikhululukire. Ngongole ndi yanga ndipo ndibweza. Pano ndikuthandiza kusoka pa khonde la sitolo ya amalume, ndimapeza pang'onopang'ono, koma ndi makwacha.

Anaphiri, 21:36
Mwana wanga, tathokoza kuti uli moyo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pano palibe amene amayenda mu Jozi mtima uli m'malo akaona vani ya apolisi.

A Gondwe, 21:44
Tiwerengere tsono. R4,000 pa 10 pa 100 ndi R400 pamwezi. Seputembala, Okutobala, Novembala, R1,200. Zonse R5,200. Masheya a Yusufu m'buku ndi 12, pa R200 ndi R2,400. Kuchotsera, watsala ndi R2,800.

Nachisale, 21:49
Ine ndine ndapwetekeka kwambiri pa nkhaniyi, koma chiwongoladzanja cha munthu ali ku Lindela sindingadye. Chiimire tsiku limene anamugwira. Mwezi umodzi, R400. Atsale ndi R2,000.

A Gondwe, 21:53
Mtima wanu ndi wabwino achemwali, koma tikatero lero, mawa wina akachotsedwa ntchito adzatinso chiwongoladzanja chiime. Malamulo athu sanena za Lindela.

Mayi Nambewe, 21:58
Sanena chifukwa tinawakopera ku gulu la kumudzi, kumene munthu sathamangitsidwa m'dziko. Tiwonjezeremo. Kuchotsedwa ntchito ndi kwina, munthu amakhala ali konkuno akusaka ina. Ndiika voti ya chiwongoladzanjachi, ndipo ulendo uno ikhala yotsegula mpaka mawa 8 koloko usiku. Osakwana anthu 8, palibe chimene chadutsa. Amene sanavote ndimuimbira ndekha.

Bambo Mwale, 22:04
Nanga makwachawo afika bwanji kuno? Kutumiza ndalama kuchoka ku Malawi kubwera Joni si masewera, forex kulibe. Ndipo tiwerengera reti iti, ya ku banki kapena ya pamsewu? Zimasiyana kutali. Kwacha inagwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi mu Novembala 2023. Zitachitikanso ngongole ili pakati, aluze ndani?

Chikondi, 22:12
Ndalama isawoloke malire n'komwe. Tonsefe mwezi uliwonse timatumiza kumudzi. M'malo moti a Nachisale atumize R500 ku Zomba, aiponye m'gulu, ndipo Yusufu atumize makwacha ake kwa amayi awo pa Airtel Money kapena Mpamba. Reti titenge imene ikuoneka pa Mukuru tsiku limenelo, chithunzi chiikidwe pano tonse tione. Ngongole ikhale yolembedwa m'marandi mpaka ithe. A Nachisale apulumukanso machaji otumizira.

Yusufu, 22:20
Kwacha ikagwa ndiye kuti mtolo ukulemera kwa ine, koma ndinatenga marandi, ndivomera. R500 pamwezi ndiyesetsa. Disembala mpaka Malichi.

Nachisale, 22:22
Amayi ali pa Mpamba. Akalandira ndi pamene ine ndiponye, osati ndisanamve kwa iwo.

A Gondwe, 22:27
Zili bwino, koma tikugawana pa 14 Disembala, osati Malichi. Dzenje la R2,000 likwiriridwa ndi ndani patsikulo?

A Banda, 22:39
Ndi ine. Ndinapereka popanda mboni, ndiye mboni ndine. Mudule R2,000 pa gawo langa, Yusufu akamabweza izibwera kwa ine. Chindapusa cholemba mochedwa ndilipiranso. A Nachisale, mundiuze kumbali zimene katapira uja anakudyerani pa R1,500, tigawane pakati.

Mayi Nambewe, 22:50
Zalembedwa. Chindapusa ndi R200 monga mwa malamulo. Chikondi, usikuuno utseke buku, wolemba ukhale wekha, enafe tizingoona. A Banda, Lamlungu lililonse muziika pano chithunzi cha balansi ya akaunti, a Gondwe azifananiza ndi buku. Za usungichuma wa chaka chamawa ndi za akaunti ya stokvel tikakambirana maso ndi maso pa 14, ku Mayfair kwa Bambo Mwale. Amene muli ndi mapemiti amoyo mubwere nawo.

Chikondi, 22:56
Ndatseka. Mzere 31 ndausiya mmene ulili, ndangowonjezera ndemanga pambali ndi deti ya lero.

A Gondwe, 22:58
Voti ndaiona. Ine ndavota kuti chiwongoladzanja chisaime, ndipo ndanena poyera kuti musadzadabwe. Gulu likasankha zina nditsatira.

Anaphiri, 23:05
Yusufu, unditumizire dzina la msewu ndi nambala ya nyumba ija. Loweruka ndipita ndi a Mwale tikaonane ndi mwini nyumbayo za makina. Lendi inatsala ya miyezi ingati?

Yusufu, 23:19
Umodzi wokha agogo, R1,300. Makinawo ndi a Juki, ndinawaphimba ndi chitenje chobiriwira kuseri kwa chitseko.